ZA MU MZINDA: Nyimbo zobvinira zikusowa mwini

Awerengi, aliyense wokwera minibasi kucokera ku Chelstone kapena ku Kabwata kupita m'tauni adziwa kuti nyimbo za m'menemo sizipuma. Ina isanathe, inzace yalowa kale, ndipo ngakhale kondakitala sangakuuzeni amene anayimba. Nyimbozi zimacokera m'timisasa ta ku City Market, kumene anyamata a makompyuta amaunjika nyimbo mazanamazana m'kafulashi pa mtengo wocepa. Amapiano a ku South Africa, rumba ya ku Congo, kalindula wathu, zonse mumphika umodzi.

Kusonkhanitsa nyimbo zobvinira pamodzi si mlandu ai. Ku London, nyumba yobviniramo ya Ministry of Sound, imene inatsegulidwa mu 1991, inachuka ndi ma CD a nyimbo zosankhidwa bwino. Armin van Buuren wa ku Netherlands anayamba pulogalamu yace ya pa wailesi ya A State of Trance mu 2001, ndipo inabala ma CD ambirimbiri. Koma kumeneko dzina la woyimba aliyense limalembedwa pacikuto, ndipo ndalama yace imamlondola.

Ifenso kuno tinali nayo njira yotere. Kampani ya Teal ku Ndola inali kuumba malekodi, ndipo Zambia Music Parlour ya a Edward Khuzwayo inakweza magulu ambiri. Pamene disko inalowa m'mizinda, gulu la WITCH linatsitsa magitala ace aukali aja ndi kutulutsa Movin' On mu 1980, ndiponso Kuomboka mu 1984. Cuma ca dziko citabvuta, matepi akuba anadzaza misika, ndipo nchito yamalekodi inagwa. Mu 1999 Mondo Music ya a Chisha Folotiya inaidzutsanso ndi Rhythm Nation Project, cimbale cimene cinasonkhanitsa oyimba acinyamata, aliyense ndi dzina lace.

Cimene cimandiwawa ine ndi ici. Nyimbo zathu zakale akuzisunga ndi alendo. Zimbale ziwiri za Welcome to Zamrock! zinaturuka mu 2017 pansi pa kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles. Zambush inakonzedwa ndi SWP Records ya ku Netherlands. Disko ya WITCH ija anaiumbanso ndi a Invisible City a ku Toronto. Anthu amenewa tiwayamike, pakuti anafunafuna malekodi amene ife tinasiya kufumbi, nalemba maina ndi zaka zace. Komatu mnyamata wa ku Woodlands wofuna lekodi imene atate ace anabvinira, kawirikawiri ayenera kuitanitsa kunja kwa nyanja!

Lamulo liripo. Mu 1994 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Copyright and Performance Rights Act, ndipo bungwe la ZAMCOPS ndilo limatolera ndalama za oyimba ku mawailesi, mabala ndi nyumba zobviniramo. Mu 2013 Boma linabweretsa cizindikiro conyezimira comata pa ma CD enieni. Bvuto ndi lakuti malonda anasamukira pa fulashi ndi pa foni, pamene palibe pomata cizindikiroco.

Conco pempho langa lipita kwa eni nyumba zobviniramo za ku Kabulonga ndi m'tauni, kuti alipire ziphaso zao pa nthawi yace. Inunso a DJ, mukasakaniza nyimbo makumi atatu usiku wa Loweruka ndi kuzigawa pa WhatsApp, lembani maina onse makumi atatu, ndi mutu wa nyimbo iriyonse.