Mipeni Iwiri, Mtengo Umodzi: Tigule Uti?

Abale ndi alongo, nyengo ya mango ikafika kuno ku Nkopola, mpeni wopinda umasowa mpumulo. M'mawa wadula chingwe cha mbuzi, masana watumbula chambo, madzulo wasenda bango la mwana. Ambiri timaugula mosaganiza, ngati tikugula machesi, chonsecho kachitsulo kameneka kamakhudza chakudya chathu, zala zathu ndiponso magazi athu. N'chifukwa chake lero ndati tikambirane za mpeni pa tsamba lathu la zaumoyo.

Mukapita pamsika wa pa boma ku Mangochi kapena kwa ogulitsa katundu m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay, nthawi zambiri mupeza mitundu iwiri ya mtengo wofanana. Woyamba ndi wa chogwirira chamtengo, wa chitsulo chimodzi, wokhala ndi kamphete kumsana, umene timautcha okapi. Wachiwiri ndi wonyezimira, wa zitsulo zambirimbiri: kampeni, kasizasi, chotsegulira mabotolo ndi zina. Maso amathamangira wachiwiriwo, poti ukuoneka ngati wachulutsa phindu. Koma tisanatulutse ndalama, tiufunse mpeni uliwonse mafunso atatu.

Funso loyamba: kodi ukatsegulidwa umakhoma? Okapi unayamba kupangidwa mu 1902 ku Solingen m'dziko la Germany, ndipo kuyambira 1988 umapangidwa ku South Africa, nchifukwa chake abale athu obwera ku Joni amakonda kubwera nawo. Mphamvu yake ili pa loko: ukautsegula umalira kuti "kha", ndipo supindika mpaka mutakoka kamphete kaja. Yonyezimira yambiri yotchipa ilibe loko. Imangodalira kachitsulo kolimbitsa kumsana, kamene kamafooka pakapita miyezi. Tsiku lina mukuboola chigubu kapena mukusenda nzimbe mwamphamvu, mpeni umapindika n'kugwera pa zala zomwe zaugwira. Pamsika pomwepo utseguleni, mugwire m'mbali mwa chogwirira zala zili kutali ndi njira ya chitsulo, kenako mukankhe kumsana kwa chitsulocho. Ukagwedera kapena kupindika, usiyeni, ngakhale utalembedwa dzina lotchuka, pakuti yachinyengo ilipo yambiri.

Funso lachiwiri: kodi ungatsukike? Ife timadya nsomba za mamba ndi zipsepse monga Levitiko 11 amatiphunzitsira, choncho kupala mamba a chambo ndi ntchito ya masiku onse. Mamba, magazi ndi zam'mimba za nsomba zimalowa m'mipata ya mpeni wopinda. Wa chitsulo chimodzi uli ndi mpata umodzi, woti kamswachi kakale ndi sopo zimafikamo. Wa zitsulo zisanu uli ndi timipata tambiri timene simungatifikire, ndipo m'menemo zonyansa zimaola mpeni uli m'thumba lofunda. Tisaiwale kolera wa 2022 ndi 2023, amene anatenga miyoyo yoposa 1,700 m'dziko muno, ndipo boma lathu la Mangochi linali limodzi mwa maboma amene anavutika kwambiri. Kuviika mpeni m'madzi a pagombe, pomwe ena akuchapa ndi kusamba, sikuutsuka. Mpeni wotere ukasenda bango la mwana, tizilombo tapeza njira yachidule ya kukamwa.

Funso lachitatu: kodi chitsulo chake n'chotani? Apa wonyezimira uja uli ndi mbali yake yabwino. Chitsulo chosachita dzimbiri chimasakanizidwa ndi chromium yosachepera magawo 10.5 pa 100 alionse, ndipo imeneyi ndiyo imachiteteza ku chinyontho. Okapi wachikale ndi wa chitsulo cha kaboni: ukagona wonyowa, m'mawa wafiira. Koma chitsulo cha kabonichi chimanoleka msanga pa mwala wamba, pamene chonyezimira chotchipa chimabuntha msanga n'kumavuta kunola. Mpeni wobuntha ndiye wovulaza, chifukwa umafuna kukankha mwamphamvu, ukatero umaterereka. Werengani Mlaliki 10:10, muona kuti nzeru imeneyi ndi yakalekale.

Tsono tigule uti? Pakhomo, sankhani wa chitsulo chimodzi wokhala ndi loko. Dzimbiri lili ndi mankhwala ake: kutsuka ndi sopo, kupukuta mpaka uume, ndi kupaka kadontho ka mafuta ophikira. Koma mpeni wopanda loko simungauchiritse. Inu abambo amene mumakhala tsiku lonse m'bwato, manja ali chinyowere, funani wosachita dzimbiri, koma nawonso ukhale wa chitsulo chimodzi ndiponso wokhoma. Ndipo kukhitchini, ngati mungathe, nsomba zikhale ndi mpeni wakewake wosapinda, wa m'thumbawo utsalire zipatso ndi zingwe.

Pa nkhani ya dzimbiri pali chikhulupiriro chofunika kuchiwongola. Ambiri amati dzimbiri ndilo limayambitsa kafumbata. Ayi. Kafumbata amayamba ndi tizilombo topezeka m'dothi ndi m'ndowe za ziweto, ndipo ngakhale mpeni wonyezimira umene wagwera m'khola ungatilowetse m'bala. Zizindikiro, monga kuuma kwa nsagwada ndi khosi, zimayamba pakati pa masiku 3 ndi 21, nthawi imene munthu waiwala kale kabala kaja.

Choncho wina akadzicheka, finyani pabalapo ndi kansalu koyera, dzanja lili m'mwamba, kwa mphindi 10 osasuzumirapo. Magazi akaleka, tsukani ndi madzi aukhondo ndi sopo, osati a m'nyanja, n'kumangapo. Musathirepo dothi, phulusa, ndowe kapena mankhwala otsukira mano. Bala likakhala lakuya, magazi akakana kuleka, kapena chala chikachita dzanzi n'kumakanika kupinda, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mukafunse za katemera wa kafumbata. Komanso mpeni umene wacheka munthu usagwirenso ntchito usanatsukidwe bwino, pakuti matenda ena, monga a chiwindi a mtundu wa B, amayenda m'magazi.

Makolo a ma Pathfinder, mwana asalandire mpeni musanamuphunzitse malamulo ake: kudula molozetsa kutali ndi thupi, kuupinda asanapatsire mnzake, kusathamanga nawo uli chitsegukire. Kusukulu usapite, ndipo kwa ife akulu, kumene kuli mkangano usapitenso. Mpeni ndi chida cha ntchito basi.

Lachisanu likubwerali, pokonzekera Sabata, tulutsani mpeni uli m'thumba mwanu, muutsegule pa dzuwa, muyang'ane mumpata mwake. Chimene muonemo ndicho banja lanu lakhala likudyera limodzi ndi mango. Utsukeni, uumitseni, muunole, muupake mafuta. Ambuye akusungeni athanzi mpaka tidzachezenso mwezi wamawa.