Musanyoze chakudya cha makolo chikalowa m'firiji

Alipo anthu amene akangomva kuti chakudya cha makolo chakutidwa m'pulasitiki ndi kuikidwa m'firiji amayamba kudandaula kuti mwambo watha. Ine sindigwirizana nawo, ndipo umboni wanga uli kutali, ku zilumba za Polynesia m'nyanja ya Pacific.

Kumeneko kuli mtengo wobala chipatso chimene Angerezi amati breadfruit, koma eni ake ku Samoa ndi ku Hawaii amati 'ulu. Kukula kwake ndi ngati dzungu laling'ono, ndipo chikaphikidwa chimakhutitsa ngati mbatata. Mtengo umodzi umadyetsa banja zaka zambirimbiri popanda kugwira khasu. Vuto lake ndi loti chikangothyoledwa, masiku owerengeka chabe chafewa, chayamba kuola. Zimapsanso zambiri nthawi imodzi, kenaka zii miyezi ingapo.

Makolo awo sanakhale manja lende. Ankakumba maenje, kuyalamo masamba, ndi kufotseramo zipatsozo kuti zisase. Chosasacho ku Samoa amachitcha masi, ndipo chinkasungika miyezi yambiri kudikira tsiku limene mphepo ya mkuntho idzagwetse mitengo. Tsono kusunga 'ulu si nzeru yobwera ndi sitima. Chasintha ndi dzenje lokha.

M'chaka cha 2016 alimi 9 a pa chilumba chachikulu cha Hawaii anayambitsa kopaletivi yotchedwa Hawai'i 'Ulu Cooperative. Amasonkhanitsa zipatso, kuzidula, kuzifutsa ndi nthunzi, ndi kuziumitsa gwa m'firiji, kenaka kugulitsa m'masitolo, m'malo odyera ndi m'sukulu.

Kwa odandaula aja ndili ndi funso. Mayi woweruka kuntchito dzuwa litalowa, kaya ku Honolulu kaya ku Auckland kumene Asamoa ambiri anasamukira, mukuti akasonkhe moto wotenthetsa miyala monga ankachitira agogo ake? Satero ayi. Atereka mpunga, atsegula chitini cha nyama, ana adya, agona. Amene akulimbana ndi 'ulu ya m'firiji ndi mpungawo ndi chitinicho. Kumbukirani kuti Hawaii amagula kunja chakudya choposa magawo 80 pa 100 alionse, ndipo matenda a shuga asautsa kwambiri zilumba zimenezi. Boma la Samoa linafika poletsa zipsyepsye za nkhukundembo zamafuta okhaokha zochokera kunja mu 2007, koma linachotsa chiletsocho pofuna kukwaniritsa malamulo a bungwe la zamalonda la WTO limene linalowa mu 2012.

Nkhawa yanga ili pena: kodi firijiyo ndi ya yani? Chipatsochi chinatengedwapo kale kukalemeretsa ena. Mu 1787 Angerezi anatuma William Bligh pa sitima ya Bounty kukatenga mbande ku Tahiti, ati akapolo a m'minda ya nzimbe ku Caribbean apeze chakudya chotsika mtengo. Amalinyero ake anamuukira mu 1789, koma mkuluyu anabwereranso, nakatula mbandezo ku Jamaica mu 1793. N'chifukwa chake ndikuyamikira kuti ku Hawaii makina ali m'manja mwa alimi eni ake.

Chatsala ndi mtengo. Firiji imadya magetsi usana ndi usiku, ndipo magetsi a ku Hawaii ndi okwera mtengo kuposa a chigawo china chilichonse cha America. Paketi ikadula kuposa thumba la mpunga, idzathera m'mahotela a alendo ku Waikiki, ndipo mayi uja adzapitiriza kutsegula chitini.