ZA M'MIDZI MWATHU: Ana Athu ndi Mapemphero a Mzimu Woyera

Sabata lino tikambeko nkhani imene yasowetsa tulo makolo ambiri kuno ku Vubwi. Dzuwa likapendeka, mnyamata aika khasu pansi, mtsikana natsuka mbale mothamanga, onse ulendo ku chalichi ca Akatolika. Kumeneko kumveka ng'oma, kuomba m'manja ndi mapemphero ofuula, ena mpaka kulankhula malilime. Agogo amene anakula ndi korona ndi Misa ya Cilatini afunsa kuti: kodi amenewa akali Aroma?

Inde, ndi Aroma ndithu. Gulu la Akarisimatiki linayamba mu February 1967 pakati pa ophunzira a pa Duquesne University mumzinda wa Pittsburgh, ku America, ndipo m'caka ca 1975 Papa Paulo VI analandira anthu a gululi ku Roma. Taonani kuti oliyamba anali acinyamata okhaokha ndi aphunzitsi ao.

Nanga cimene cikoka ana athu nciani? Ena ati ndi ng'oma, koma ng'oma ziliko ndi ku mowa komwe. Ine ndiganiza kuti ndi ici: pamudzi mwana sayankhula pamaso pa akulu, ndipo pa Misa akhala cete kumbuyo. Koma ku gulu kuja, ngakhale mwana amene analephera mayeso nabwerera kumudzi ndi manyazi apatsidwa Baibulo kuti awerengere anzace. Atsogolera nyimbo. Akadandaula, anzace amzungulira, namsanjika manja, nachula dzina lace pamaso pa Mulungu. Aphunzira masabata asanu ndi awiri za moyo wa mu Mzimu, ndipo potsiriza adziona kuti naye ndi munthu wowerengedwa. Ndaona ndi maso anga anyamata amene anali akapolo a kacasu atasanduka olima mwakhama. Kholo liti lingakane zotere?

Komabe pali pamene tiyenera kucenjera, ndipo ife a kum'mawa tili ndi citsanzo cathucathu. Emmanuel Milingo, wobadwira kwa Mnukwa m'caka ca 1930, anakhala Bishopu Wamkulu wa Lusaka mu 1969. Mu 1973 anayamba mapemphero ociritsa odwala ndi oturutsa mizimu yoipa, ndipo anthu anakhamukira kwa iye miyandamiyanda. Mu 1982 anaitanidwa ku Roma, natula udindo caka cotsatira. Mu 2006 anacotsedwa mu Mpingo cifukwa codzoza mabishopu popanda cilolezo ca Papa. Ngati munthu wophunzira cotero anafika posamva akulu ace, nanga mwana wa zaka 18 amene anzace ayamba kumucha mneneri?

Cimene cindidetsa nkhawa koposa ndi ca matenda ndi ufiti. Mwana akatentha thupi ndi malungo, mpempherereni, koma mnyamulenso msanga kupita naye ku cipatala. Ndipo wacinyamata amene aloza agogo ace cala kuti Mzimu wamuululira kuti ndi mfiti, ameneyo aonane ndi wansembe tsiku lomwelo, mudzi usanapasuke.

Inu makolo, musangotseka citseko. Pitani tsiku lina mukakhale kumbuyo, muone amene atsogolera, ndi ngati abambo a pa parishi akuwadziwa. Atsogoleri nanunso, nyengo ya dzinja muziweruka kukali kowala, pakuti atsikana ena ayenda mtunda wautali, ndipo mamawa cimanga cifuna kupalira.