Chithunzi Chakale, Timiyala Tatsopano

Alipo ena amene amati mmisiri wotapa nzeru pa ntchito ya akale ndi wakuba. Maganizo otere ngolakwa.

M'chaka cha 1889, Vincent van Gogh ali m'chipatala ku Saint-Rémy, m'dziko la France, anajambula chithunzi chotchedwa The Starry Night: mudzi uli m'tulo, mapiri, ndi thambo lozungulira ngati kamvuluvulu. Patapita zaka 125, mu 2014, Daan Roosegaarde wa ku Netherlands anayala timiyala zikwizikwi m'njira ya njinga yotalika mamita 600 pafupi ndi Nuenen, kumene Van Gogh anakhala kuyambira 1883 mpaka 1885. Timiyalato timamwa kuwala masana, ndipo usiku timanyezimira mozungulirazungulira.

Roosegaarde sanatenge mudzi kapena mapiri. Anatengapo kuvinduka kwa thambo kokha, nakuyala pansi pamene anthu amaponda. Utoto umasakanizika, koma mwala ayi. Motero mmisiri wa timiyala amakakamizika kusankha chimene chili mtima wa chithunzicho, zina zonse n'kuzisiya.

Choncho aphunzitsi asaletse ana kuphunzira pa zithunzi zakale. Mau a akulu akoma akagonera. Chofunika ndi kumufunsa mwana aliyense chimene wasankhapo, ndi chimene waonjezapo chakechake.