Khoma lokhota silibisika

A Freemason, amene Grand Lodge yawo yoyamba inakhazikitsidwa ku London mu 1717, amati munthu ndi mwala wosasema: nyundo ichotse makhalidwe oipa, sikweya iwongole zochita zake. Ambiri kuno amangoti ndi a Satana. Ine mlandu wanga ndi wina. N'chifukwa chiyani kudzisemako kumachitikira kuseri kwa chitseko, mutavala magolovesi oyera?

Kuno ku Palabana, bilikileya akamanga khoma lokhota, mvula ya Januwale imamuulula pamaso pa onse. Bambo, ngati mwasemekadi, tisamve kwa anzanu a mu loji. Timve kwa akazi anu kunyumba, ndi kwa wantchito wa pafamu panu ngati malipiro ake amabwera pa tsiku lake.