Chotayidwa m'phanga chimatulukira pampopi

Madzi amene mabanja ambiri a mumzinda wa Beirut, ku Lebanon, amamwa amachokera m'phanga. Makilomita pafupifupi 18 kumpoto kwa mzindawu, m'chigwa cha Nahr al-Kalb, kuli phanga la Jeita, ndipo pansi pake pamayenda mtsinje umene umamwetsa anthu oposa miliyoni imodzi. Madziwo akatuluka m'phiri amapita kukayeretsedwa ku Dbayeh, kenako amalowa m'mapaipi a mumzinda.

Alendo amapita ku Jeita kukaona kukongola. Kumunsi amakwera bwato n'kuyenda pamadzi ozizira, kumtunda amayenda wapansi pakati pa miyala yolendewera kudenga, umodzi mwa iyo wotalika mamita 8.2. Mwala woterewu umapangidwa ndi dontho limodzilimodzi la madzi, lililonse likusiya kachidutswa ka laimu kosaoneka ndi maso. Kuti ukule kufika kutalika kwa chala pamatha mibadwo ya anthu. Wouthyola kuti akauike pashelefu kunyumba amawononga m'kamphindi ntchito imene zidzukulu za zidzukulu zake sizidzaiona itabwerera. N'chifukwa chake m'phangali mlendo amayenda m'njira yokonzedwa basi.

Mlonda wa pakhomo angathe kuletsa botolo kulowa. Chimene sangathe kuletsa ndi chimene chimagwera kuchokera pamwamba. Mapiri a Lebanon ndi a miyala ya laimu, ndipo mvula yakhala ikuiboola kwa zaka zosawerengeka mpaka phiri lonse ladzaza ming'alu ndi maenje. M'dothi wamba madzi amatsika pang'onopang'ono, akusefedwa panjira. Mu laimu amangothamanga, osasefedwa n'komwe. Akatswiri a nthaka ochokera ku Germany, a bungwe la BGR, anagwira ntchito ndi anzawo a ku Lebanon kufufuza kasupe wa Jeita. Ankathira utoto wosaopsa m'maenje a kumtunda n'kukaudikira kumunsi, ndipo unkatulukira m'phangamo mofulumira. Njira imene utotowo unadutsa ndi yomweyo imene imadutsa zonyansa za m'zimbudzi zokumba, mafuta otayika pamalo omwetsera galimoto, ndi msuzi wakuda wokha kuchokera kudzala.

Apa ndi pamene nkhani ya zinyalala m'mapanga imasiya kukhala ya alendo ndi zithunzi. Munthu wa kumudzi wa pamwamba pa phiri akaponya mbuzi yakufa m'dzenje lakuya, mumtima mwake amati wasamala, chifukwa wachotsa fungo pakhomo. Sakudziwa kuti dzenjelo ndi khomo la chitsime cha anthu ena. Sachita dala. Palibe amene anamuuzapo kumene dzenjelo limathera.

Chaka cha 2015 chinaonetsa mbali ina ya vutoli. Mu July chaka chimenecho dzala lalikulu la ku Naameh, limene linatsegulidwa ngati la kanthawi koma linagwira ntchito zaka zoposa 17, linatsekedwa boma lisanapeze malo ena. Zinyalala zinaunjikana m'misewu ya Beirut kwa miyezi, achinyamata anachita zionetsero zotchedwa You Stink, ndipo madera ena anayamba kutaya milu yawo m'zigwa ndi kuitentha poyera. M'dziko la miyala yobooka, chigwa chilichonse chotayirako zinyalala chimakhetsera pansi. Ndimanena izi chifukwa sindifuna kuti tizikamba za maphunziro ngati kuti ndi mankhwala a matenda onse. Mwana angaphunzire bwino lomwe kuti zinyalala zimapita m'bini, koma galimoto yotenga biniyo ikapanda kubwera, amayi ake adzakataya kuseri kwa phiri, ndipo sindingawaimbe mlandu.

Ku Saudi Arabia nkhani yake ndi yooneka ndi maso. Kumwera kwa Riyadh, panjira yopita ku Al-Kharj, kuli phanga la Ain Heet, lotsetsereka mpaka kudziwe la madzi oyera pansi penipeni. Anthu a mumzinda ankapitako kukapuma, ndipo otsika m'menemo ankadandaula za zimene ankapeza: mabotolo apulasitiki pakati pa miyala, zitini za zakumwa, majumbo, ndi maina opopera ndi penti pakhoma. Panja, dzuwa ndi mphepo zimafumbutsa zinthu pang'ono ndi pang'ono. M'phanga mulibe dzuwa, kutentha sikusinthasintha, ndipo tizilombo towoletsa zinthu n'tochepa. Chimene chasiyidwa chimakhala momwemo kufikira munthu wina atachinyamula pamsana n'kukwera nacho. Ngakhale njira yokwera phiri la Jabal al-Nour ku Mecca, yopita kuphanga la Hira limene Asilamu amalilemekeza kwambiri, imafuna anthu otolera mabotolo osiyidwa ndi okwera. Ulemu wa mumtima sunalepheretse dzanja kuponya botolo pansi, ndipo zimenezi zimandiwawa.

Otolera zinyalalazi ndimawalemekeza. Gulu la Spéléo Club du Liban, limene linakhazikitsidwa mu 1951, ndi la anthu ongodzipereka, ndipo ofufuza mapanga a ku Lebanon ndi amene anatulukira chigawo cha kumtunda cha Jeita mu 1958. Anthu otere ndi amene amatsika ndi zingwe kumene ena sangafike, ndipo ndi amene amaona choyamba phanga likayamba kuwonongeka. Koma tsiku loyeretsa limachotsa za dzulo zokha. Mawa lake kumabwera gulu lina ndi chakudya chake m'majumbo.

Malamulo nawo alipo m'mayiko ena a Aarabu. Morocco inaletsa majumbo apulasitiki mu July 2016 pa kampeni ya Zero Mika, ndipo Oman inaletsa majumbo ogwiritsa ntchito kamodzi kuyambira pa 1 January 2021. Maphunziro a zachilengedwe si achilendonso kumeneko. Msonkhano wa ku Tbilisi wa 1977, wokonzedwa ndi UNESCO ndi UNEP, unagwirizana kuti maphunzirowa alowe m'masukulu, ndipo ku Jordan bungwe la Royal Society for the Conservation of Nature, lokhazikitsidwa mu 1966, lakhala likuyendetsa makalabu a zachilengedwe m'masukulu kwa zaka zambiri. Ku Morocco ndondomeko ya Eco-Schools inayamba mu 2006.

Funso langa ndi la zimene mwana amaphunzira m'makalabu amenewa. Kuloweza kuti kutaya zinyalala n'koipa sikusintha munthu, poti aliyense amadziwa kale. Chimene chimasintha munthu n'kuona. Ku Oman, phanga la Al Hoota, m'munsi mwa phiri la Jebel Shams pafupi ndi Al Hamra, linatsegulidwa kwa alendo mu 2006. Ndi lotalika pafupifupi makilomita 4.5, koma anthu amaloledwa kuyenda mamita 500 okha. M'dziwe la m'katimo muli tinsomba tosaona, totuwa, timene takhala mumdima mibadwomibadwo mpaka maso anasiya ntchito. Mwana amene waima pamenepo n'kuuzidwa kuti tinsombati timadalira chakudya chobwera ndi madzi a mvula kuchokera kumtunda, amamvetsa yekha kuti poizoni angabwerenso ndi madzi omwewo. Safunikanso kuopsezedwa ndi chindapusa.

Phunziro lotere silidula. Mphunzitsi wa kumapiri a pamwamba pa Jeita angatenge kalasi yake kupita kudzenje la pafupi ndi sukulu, n'kuwaonetsa pamapu kumene madzi olowa pamenepo amakatulukira, ndi mzinda umene umawamwa. Ana a ku Beirut nawo ayenera kudziwa maina a midzi imene mvula yake imawamwetsa. Ndipo phunziroli lisathere pa ana. Abusa a ziweto, oyendetsa magalimoto opopa zimbudzi, eni malo ophwanyira miyala, makhansala opereka malo omanga nyumba, ndiwo amene zochita zawo zimalowa pansi lero lino, ana asanakule.

Mayiko ambiri a Aarabu ali m'gulu la mayiko osowa madzi kwambiri padziko lonse, ndipo ambiri a iwo amadalira madzi a pansi pa nthaka. Madzi amenewo akaipa sangatsukidwe ndi tsache kapena fosholo. Maboma a kumeneko aike nkhani ya mapanga ndi akasupe m'mabuku a pulayimale, atengere ana kumaloko, ndipo atumize galimoto ya zinyalala kumidzi ya pamwamba pa phiri mlungu uliwonse osaphonya.