Ezetimibe si m'malo mwa statin, tisanamizane

Aphunzitsi anzanga, pali uthenga umene ukuyenda m'magulu athu a WhatsApp ndipo ine wandikwana. Akuti munthu akapezeka ndi kolesitelo wochuluka asalole kumwa ma statin chifukwa amapweteketsa minofu, koma akauze dokotala amulembere ezetimibe, poti uyu ndi wofatsa, amangotseka mafuta m'matumbo. Chondikwiyitsa kwambiri n'chakuti alipo madokotala ena olipiritsa amene amangolemba zimene wodwala wapempha, kuopa kuti kasitomala angathawe.

Inu amene munadutsa m'kalasi langa la Biology, kumbukirani. Kolesitelo wambiri sachokera m'mbale, amapangidwa m'thupi momwemo, makamaka m'chiwindi. Ezetimibe amagwira ntchito pa khoma la matumbo aang'ono, pa ma villi aja tinkajambula pabolodi, n'kutseka puloteni yotchedwa NPC1L1 imene imalowetsa kolesitelo. Akamwedwa yekha, piritsi la 10 mg patsiku, amatsitsa LDL, kolesitelo woipa uja, ndi 15 mpaka 20 peresenti basi, chifukwa chiwindi chikaona kuti katundu wachepa chimawonjezera kupanga. Statin amapita kufakitale kwenikweniko, kuchiwindi. Atorvastatin wa mlingo waukulu amatsitsa LDL ndi pafupifupi theka.

Koma nambala ya pa pepala si moyo. Ife aphunzitsi tikudziwa: sukulu itha kukhoza bwino MSCE, ana ake osatha kulemba kalata. Funso ndi lakuti, kodi mankhwalawa amapulumutsa anthu? Za statin yankho linabwera mu 1994, pa kafukufuku wa 4S ku Scandinavia. Anthu 4,444 odwala mtima anayesedwa, ndipo pakati pa omwa simvastatin imfa zinachepa ndi 30 peresenti.

Ezetimibe anavomerezedwa ku America mu 2002, n'kugulitsidwa kwambiri pa dzina la Zetia umboni wotere usanapezeke. Mu 2008 zotsatira za kafukufuku wa ENHANCE zinatuluka, mochedwa, ndipo zinachititsa manyazi: LDL anatsika ndithu, koma makoma a mitsempha ya m'khosi sanasiyane ndi a omwa simvastatin yekha. Umboni wabwino unadza mu 2015 ndi IMPROVE-IT, pa anthu 18,144 amene anali atangodwala kumene mtima. Pa zaka 7, vuto lalikulu la mtima kapena sitiroko linagwera 32.7 peresenti ya omwa ezetimibe, poyerekeza ndi 34.7 ya osamwa. Chiwerengero cha imfa sichinasinthe. Ndipo tamverani apa: onse 18,144 ankamwa simvastatin. Ezetimibe anali wowonjezera chabe.

Choncho sindikuti mankhwalawa ndi achabe ayi. Munthu amene ali kale pa statin koma LDL sakutsika mokwanira, kuwirikiza mlingo wa statin kumangochotsa pafupifupi 6 peresenti ina, pomwe kuwonjezera ezetimibe kumachotsa 20 kapena kuposerapo. Apo dokotala alembe, ine ndiwomba m'manja. Chimene ndikukana n'kuchotsa mphunzitsi wa kalasi n'kusiya monitala yekha.

Nanga minofu yopweteka ija? Alipo amene statin amawavutadi, ndipo dokotala amachepetsa mlingo, kusintha mtundu, zikakanika n'kupereka ezetimibe yekha. Koma mu 2020 ku London, kafukufuku wa SAMSON anatenga anthu 60 amene anasiya statin chifukwa cha zowawa. Miyezi ina ankamwa statin, ina piritsi lopanda mankhwala, osadziwa kuti ndi liti. Pafupifupi 90 peresenti ya madandaulo awo inabweranso ndi piritsi lopanda kanthu lija. Ife a zaka za m'ma 40, oima tsiku lonse ndi choko m'manja, msana ndi miyendo zimapweteka kale popanda statin.

Wina mu staff room anasangalala kuti ndiye kuti kanyenya ndi chipisi cha pachiwaya zavomerezeka, poti mafuta azitsekedwa. Pepani achimwene. Ezetimibe amatseka kolesitelo yekha, mafuta enawo amalowa onse, ndipo lamba apitirira kusowa bowo. Mukapita kwa dokotala n'kukulemberani ezetimibe yekha musanayesepo statin, mufunseni chifukwa chake, ndiponso LDL wanu akufuna afike pa nambala iti.